Kujambula sitima zamalasha zakale: dziwani moto wake musanakweze kamera

Sitima yamalasha ikamakwera chitunda, munthu amayamba kuimva isanaoneke. Kufuka kwake kumamveka modukizadukiza, kanayi mawilo akazungulira kamodzi ngati ili ya masilinda awiri, kasanu n'kamodzi ngati ili ya masilinda atatu. Kenako imatulukira pakona, utsi uli tolotolo, mikono yachitsulo ikupita ikubwera, n'kudutsa. Zonsezi zimatha m'masekondi owerengeka. Ambiri amene akujambula sitima zotere koyamba amabwerera ndi chithunzi cha chinthu chakuda bii, thambo litayera mbee kumbuyo kwake, pa chumuni palibe kanthu, ndipo mlandu amaupereka kwa kamera. Koma chithunzi chimenechi chimakonzeka kapena kuonongeka kamera ikadali m'chikwama, pamene munthu akusankha tsiku, malo oima, ndi mbali imene dzuwa ndi mphepo zikuchokera. Kuti musankhe bwino zimenezi, muyenera kudziwa kaye mmene chitsulo chimenechi chimagwirira ntchito.

Choyamba, mvetsani kumene utsi umachokera

Mutu wa sitima yamalasha uli ndi zigawo zitatu zoti wojambula azidziwe: ng'anjo, boyila yodzaza madzi, ndi masilinda amene ali pafupi ndi mawilo. Wosonkhezera moto amaponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, kutentha kumadutsa m'mapaipi ambirimbiri oyala m'kati mwa madziwo, madzi n'kuwira. Woyendetsa akatsegulira nthunzi kuti ilowe m'masilinda, imakankha mapisitoni, mapisitoni amakankha mikono yachitsulo, mikonoyo n'kuzunguza mawilo. Nthunzi ikamaliza ntchito imaponyedwa kunja kudzera pa chumuni, ndipo potuluka mwamphamvu choncho imakoka mpweya m'ng'anjo, moto n'kukolera kwambiri. Ndiye kuti sitima imafuka kwambiri pamene ikulimbana ndi katundu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya malo oima. Sitima imalimbana ndi katundu pokwera chitunda komanso ponyamuka pa siteshoni mabogi ali odzaza. Potsetsereka woyendetsa amatseka nthunzi, sitima imangoyenda ndi kulemera kwake, ndipo pa chumuni pamatuluka kautsi kofooka kamene kamagona pamwamba pa boyila. Malo angakongole bwanji, ngati njanji ikutsetserekera kumene sitima ikulowera, mudzajambula sitima yooneka ngati yazima moto. M'mbali mwa njanji zambiri muli tizikwangwani tosonyeza kukwera kwake, monga 1 pa 50, kutanthauza kuti njanji ikukwera mita imodzi pa mamita 50 aliwonse. Woyenda pansi sangadziwe n'komwe kuti akukwera, koma kwa mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo limeneli ndi phiri.

Chimene timangochitcha utsi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyera chija ndi nthunzi imene yazizira n'kusanduka timadontho tamadzi. Yang'anani ketulo ikamawira: pakamlomo pake penipeni sipaoneka kanthu, mtambo woyera umayambira patsogolo pang'ono pamene nthunzi yakumana ndi mpweya wozizira. Pa tsiku lotentha ndi louma nthunzi ya sitima imazimirira mumpweya isanaoneke, ngakhale sitimayo ikukoka ndi mphamvu zake zonse. M'mawa wozizira ndi wachinyezi, sitima yomweyo pamalo omwewo imaimika mtambo wotalika kuposa mitengo, umene umatsalira m'mwamba mabogi onse atadutsa. Choncho konzani ulendo wanu m'nyengo yozizira, ndipo pa tsikulo musaphonye sitima yoyamba yam'mawa.

Chakudacho ndi malasha amene sanapse bwino. Utsi wotere umatuluka wosonkhezera moto akangoponya malasha atsopano, pakapita kanthawi n'kuyera. Ojambula ena amaukonda kwambiri, mpaka kupempha ogwira ntchito kuti awapangire dala. Ine sindigwirizana nazo. Kwa wosonkhezera moto waluso utsi wakuda bii ndi wochititsa manyazi, chifukwa ukulengeza kuti malasha akuonongeka, ndipo anthu okhala m'mbali mwa njanji akamadandaula za mwaye, ovutika amakhala osamalira sitimawo. Utsi wotuwa wosakanikirana ndi nthunzi yoyera ndi wokwana, ndipo pachithunzi umaonetsa bwino mmene ukupindikira.

Palinso nthunzi ina imene imadzidzimutsa oyamba kumene. Sitima ikaima nthawi yaitali, m'masilinda mumadikha madzi, ndipo madzi safinyika ngati nthunzi. Pisitoni ikawamenya ikhoza kuswa silinda. N'chifukwa chake ponyamuka woyendetsa amatsegula timavavu tapansi pa masilinda, nthunzi n'kuphulikira kutsogolo ndi cham'mbali, pafupi ndi nthaka. Mukaima pafupi kwambiri ndi ponyamukira, mutu wonse wa sitima umabisika, inu n'kujambula zoyera zokhazokha. Imani chapatali, mamita 100 kapena kuposa, kuti muigwire ikutuluka mumtambomo ikubwera kwa inu.

Pezani sitima, ndipo funsani mafunso oyenera

Sitima zimenezi zilipo lero chifukwa anthu wamba anakana kuti ziphwanyidwe. Mu 1951 gulu la anthu ongodzipereka linatenga kanjanji kakang'ono ka Talyllyn ku Wales n'kuyamba kukayendetsa lokha, ndipo aka kanali koyamba padziko lapansi kuti njanji ipulumuke mwa njira imeneyi. Ku Britain sitima zamalasha zinasiya ntchito pa njanji zikuluzikulu mu Ogasiti 1968, zambirimbiri zitadulidwa kale kukhala zitsulo zogulitsa. Pa bwalo la zitsulo zakutha la Woodham Brothers ku Barry, ku Wales, eni ake anayamba ndi kudula mabogi a katundu chifukwa sanali ovuta, mitu ya sitima n'kumangokhala pamzere ikuchita dzimbiri. M'kupita kwa zaka magulu osiyanasiyana anagula mitu 213 pamalopo, ndipo yambiri mwa iyo inakonzedwa n'kuyendanso. Ku America, Big Boy nambala 4014 ya kampani ya Union Pacific, yopangidwa mu 1941, inakhala zaka zoposa 50 ili chiimire pamalo oonetsera ku Pomona, California, kenako inatengedwa kukakonzedwa, ndipo mu 2019 inayatsidwanso moto. Ena anafika popanga yatsopano kuyambira pansi: Tornado, nambala 60163, inamalizidwa ku Darlington, ku England, mu 2008.

Chimene chimakoka anthu chotere, mmene ine ndikuonera, n'chakuti makina amenewa sabisa kanthu. Sitima ya dizilo kapena yamagetsi mphamvu yake ili m'kati, kuseri kwa malata. Pa sitima yamalasha moto mukuuona, madzi mukuwamva akuwira, chitsulo chilichonse chimene chikukankha chinzake chili poyera, ndipo anthu awiri amene akuiyendetsa akutuluka thukuta inu mukuona. Mwana wa zaka zisanu akhoza kutsatira ndi maso kuchokera pa silinda mpaka pa wilo n'kumvetsa chimene chikuchitika. Chithunzi chanu chizionetsa zimenezo: ntchito, kutentha, ndi anthu.

Malo ozipezera ndi amitundu iwiri. Pali njanji zimene sitima zikuyendabe, monga ya kumapiri a Harz ku Germany, kumene zimakwera phiri la Brocken ngakhale m'nyengo ya chipale chofewa, kapena ya Darjeeling ku India, yopapatiza mamilimita 610 okha, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Palinso nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga National Railway Museum ku York, ku England, kapena zimene zili ku Bulawayo, Livingstone ndi Nairobi. Malo atatu omalizawa ali ndi mitu ya mtundu wa Garratt, imene kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga yambiri kutumiza ku Africa. Garratt ndi injini ziwiri zonyamula boyila imodzi yolendewera pakati pawo, n'cholinga choti sitima yamphamvu izitha kukhota m'makona othina pa njanji yopepuka. Kutsogolo kwake kuli thanki yamadzi, choncho mukaijambula mwachindunji kumaso mumangopeza bokosi. Ipatseni mbali yambiri kuti mawilo a injini zonse ziwiri aoneke. Ena mwa ma Garratt aang'ono ochokera ku South Africa pano akukoka anthu pa njanji ya Welsh Highland Railway ku Wales.

Musananyamuke, imbani foni kapena lembani uthenga kwa osamalira njanjiyo. Funsani ngati pa tsikulo kudzayendedi sitima yamalasha, chifukwa udzu ukauma ena amaika ya dizilo poopa kuti mbaliwali za pa chumuni zingabutse moto, ndipo mutu uliwonse umachotsedwa pantchito nthawi ndi nthawi kuti boyila yake iunikidwe. Funso lachiwiri ambiri amaliiwala: mutuwo wayang'ana kuti? Njanji zambiri zazifupi zilibe potembenuzira, choncho sitima imapita chumuni chili kutsogolo, pobwerera n'kuyenda chafutambuyo, mosungira malasha muli patsogolo. Mukapanda kufunsa mukhoza kudikira pa chitunda chabwino dzuwa lili bwinobwino, sitima n'kukutulukirani ndi msana. Funsaninso ngati amalola alendo kulowa m'mawa mu shedi, nyumba imene mitu ya sitima imagonamo, komanso ngati ali ndi masiku apadera a ojambula, pamene sitima imabwerera m'mbuyo n'kudutsanso kangapo pamalo amodzi.

Malo oima

Fikani nthawi ikadalipo, ngati n'kotheka dzulo lake, muyende m'malo ololedwa m'mbali mwa njanji mukuyang'ana zinthu zinayi. Chitunda tanena kale. Chachiwiri ndi dzuwa. Poyamba khalani nalo kumbuyo kwanu koma chapambali, kuti liziwalira nkhope ya sitima ndi mbali imene mukuiona. Dzuwa la m'mawa kapena la madzulo, lotsika, limalowa pansi pa boyila n'kuwalira mawilo ndi mikono. Dzuwa la paliwombo limasiya zonsezo mumdima, pamene ndi pomwe pali moyo wa sitimayo.

Chachitatu ndi mphepo, ndipo iyi ndi imene imaononga zithunzi zambiri. Ikamaomba kuchokera tsidya lina la njanji kubwera kwa inu, imagwetsera utsi mbali yanu, mabogi onse n'kuphimbika, nthawi zina n'kutsekanso dzuwa. Imani mbali imene mphepo ikuchokera. Dzuwa ndi mphepo zikatsutsana, ine ndimamvera mphepo, chifukwa mbali ya mthunzi ikhoza kuwalitsidwa pang'ono pa kompyuta, koma sitima yobisika mu utsi palibe angaibweze.

Chachinayi ndi chimene chili kumbuyo. Nthunzi yoyera siioneka ikakhala patsogolo pa thambo loyera. Funani phiri, nkhalango kapena mitambo yakuda ya mvula kuti ikhale kuseri kwake. Koma chumuni chakuda chimafuna kumbuyo kowala kuti chioneke, ndiye yesani kusuntha mpaka mutapeza pamene zonse ziwiri zikutheka. Onetsetsani kuti palibe mtengo wamagetsi kapena chikwangwani chimene chidzaoneke ngati chamera pamwamba pa boyila.

Kaimidwe kozolowereka ndi koona nkhope ndi mbali imodzi nthawi yomweyo, mabogi akunka nachepa kumbuyo. Pakona ndiye pabwino koposa, chifukwa sitima yonse imadzionetsa yokha. Mukagwada pansi mutu umaoneka waukulu ndi woopsa; mukakwera pa mlatho kapena pa chitunda mumaona njanji ikupindika komanso dera lonse, ngakhale pa mlatho utsi udzakusambitsani sitima ikamadutsa pansi panu. Siyani malo ambiri kumwamba kwa chithunzi. Oyamba kumene amadzaza chithunzi ndi chitsulo chokha, mtambo umene anaudzukira m'bandakucha n'kudulidwa pakati. Tsiku lozizira lopanda mphepo, tembenuzani kamera choimika.

Za moyo wanu

Apa sindifuna kudutsapo mothamanga. Mu Julaye 2018 ku Colorado, ku America, mayi wina anafa atagundidwa ndi sitima yamalasha ya Union Pacific nambala 844 akujambula pafupi kwambiri ndi njanji. Mu Febuluwale 2016, sitima yamalasha yotchuka ya ku Britain ya Flying Scotsman itayamba ulendo wake wochoka ku London kupita ku York itangokonzedwa kumene, sitima zinaimitsidwa chifukwa anthu analowa m'njanji ndi makamera. Sitima ndi yotakata kuposa njanji yake, imatulukira mbali zonse ziwiri, ndipo masilinda ndi amene amatulukira kwambiri. Siingakhote kukupewani, siingaimenso msanga. Munthu akamayang'ana pa foni kapena mu lenzi sadziwa mtunda weniweni, ndipo pamene pali njanji ziwiri, phokoso la sitima yamalasha limabisa sitima ina yaliwiro imene ikubwera kumbuyo kwake.

Khalani kuseri kwa mpanda. Pamene palibe mpanda, talikirani mamita angapo, ndipo mukufuna kuyandikira gwiritsani ntchito lenzi yokokera pafupi, osati miyendo. Musaime pakati pa njanji ngakhale ikuoneka yakufa. Pamene pali mawaya amagetsi pamwamba, musakweze ndodo yojambulira kapena kukwera pa bogi, chifukwa magetsi ake, amene m'maiko ambiri ndi mavoti 25,000, amalumpha osawakhudza. Musawalitse fulashi m'maso mwa woyendetsa sitima ikuyenda. Ndipo kumbukirani kuti woyendetsayo, amene nthawi zambiri akugwira ntchitoyi mongodzipereka, ndi amene adzasenze chithunzi cha ngoziyo m'mutu mwake moyo wake wonse.

Kutchera kamera

Vuto lalikulu ndi lakuti mukujambula chinthu chakuda kwambiri ndi chinthu choyera kwambiri nthawi imodzi. Kamera ikaona mutu wakuda ukudzaza chithunzi imaganiza kuti kwada, n'kulowetsa kuwala kochuluka, nthunzi n'kupserera kukhala choyera chopanda mizere. Choyera chikapserera sichibwereranso, pamene chakuda chimatha kuwalitsidwa. Ndiye tetezani choyera. Njira yodalirika ndi kutchera kamera pa M, pamene mumadzitcherera nokha zonse, sitima isanabwere: jambulani malowo opanda sitima, onani ngati udzu ndi miyala ya m'njanji zikuoneka bwino, chepetsani kuwala pang'ono, n'kusiya pomwepo. Ngati simukufuna M, gwiritsani ntchito batani la +/- loonjezera kapena kuchepetsa kuwala, mutsitse kufika pa -0.7 kapena -1. Mitambo ikamasinthasintha, bwerezani kuyesako mpaka mutamva wezulo. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona, ngati kamera yanu ili nayo.

Liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe mu kamera, liwerengereni chonchi. Njanji zambiri zosungira sitima zakale ku Britain sizipitirira makilomita 40 pa ola, kutanthauza mamita 11 pa sekondi. Pa 1/125 ya sekondi sitimayo yasuntha pafupifupi masentimita 9 shutter ili chitsegukire, ndipo nambala yake idzaoneka chimbuuzi. Pa 1/500 yasuntha masentimita awiri okha, zimene n'zokwana ngati ikubwera cholunjika kwa inu. Ikamadutsa chopingasa, kapena ikamathamanga pa njanji yaikulu, yambirani pa 1/1000. Ikani kabowo ka lenzi pa f/8 kuti mutu ndi mabogi oyambirira zonse zioneke bwino, ISO, imene imathandiza kamera kuona kuwala kukachepa, ikwere mmene ingakwerere. Chithunzi chokhala ndi timadontho ta ISO yokwera chimapiririka, ndipo pa sitima yamalasha nthawi zina chimakhala bwino, koma chogwedezeka n'chotaya.

Nthunzi imasokoneza fokasi, chifukwa kamera imaigwira m'malo mwa chitsulo. Lozetsani fokasi pa nambala ya kutsogolo kapena pa nyali, kapena itchereni kale pa njanji pamalo amene mukufuna kuti nkhope ya sitima idzafike, n'kuitseka. Pa foni, dinani pamalopo osachotsa chala mpaka itatseka fokasi ndi kuwala, kenako kokerani kuwalako pansi pang'ono. Foni ya masiku ano imatha ntchitoyi bwinobwino kukakhala kowala, bola musakokere pafupi ndi zala mopitirira zimene malenzi ake amatha.

Sitima ikamabwera

Sankhiranitu malo amene mudzadinire, monga pamene nkhope yake idzafanane ndi mwala wakutiwakuti, ndipo pirirani mpaka ifike. Mtima umagunda, chala chimayabwa, ndipo ambiri amayamba kudina sitima ikadali kadontho, kamera n'kudzaza n'kuyamba kuchedwa pa nthawi yofunikayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani kujambula motsatizana patatsala sekondi imodzi kuti ifike pamalo anu, mupitirize sekondi ina itadutsa. Pa zithunzi zimenezo mudzasankha chimene utsi waima bwino komanso mikono yolumikiza mawilo ili pansi. Ojambula sitima akhala akukonda mikono ili pansi kuyambira kale, chifukwa imaoneka yonse ndipo sitima imaoneka yokhazikika. Ikangodutsa tembenukani: chithunzi cha sitima ikupita, utsi ukutsalira pamwamba pa mabogi, nthawi zambiri chimaposa choyamba chija.

Mukazolowera, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, tsitsani shutter kufika pa 1/30 kapena 1/60, muime chapatali ndi njanji, mutsatire mutu wa sitima ndi kamera potembenuza chiuno, osati manja okha, n'kudina mukutsatirabe. Mutu udzaoneka bwino, mitengo ya kumbuyo idzasanduka mizere, mawilo adzaoneka akuzungulira. Zambiri zidzalephereka, choncho musayesere pa sitima imene ikudutsa kamodzi kokha. Chachiwiri, yang'anizanani ndi dzuwa lotsika, lili kuseri kwa sitima koma chapambali. Nthunzi imayaka ngati golide, ndipo kuwala kumatsetsereka m'mbali mwa boyila ndi mabogi n'kuonetsa msomali uliwonse. Apa chepetsani kuwala kwambiri, mulole chitsulo chide.

M'mawa mu shedi

Kwa ine zithunzi zokoma kwambiri zili kuno, sitima isanatuluke. Boyila yozizira siifulumizitsidwa, chifukwa chitsulo chikatenthedwa mwadzidzidzi chimafutukuka mosiyanasiyana n'kuyamba kudontha; moto umayatsidwa maola ambiri ulendo usanayambe, nthawi zina dzulo lake, ndi nkhuni ndi nsanza zonyowa mafuta. Nthawi imeneyi utsi umangoyenda pang'onopang'ono pansi pa denga, ndipo dzuwa likalowera pa zenera kapena pa chiboo cha lata limajambula mizere mu utsimo. Woyendetsa amazungulira ndi kachitini ka oilo ka mlomo wautali, kutsegula kachivindikiro kalikonse pa mikono, kuthira, kutseka, kupukuta ndi nsanza. Yandikirani pamanja pake: zala zakuda, oilo akutsika ngati ulusi, chitsulo chimene chasalala chifukwa chogwiridwa zaka 80. Pansi pa silinda pamadontha madzi otentha, kadontho kalikonse n'kutulutsa kanthunzi kake pa simenti.

Pemphani musanajambule munthu. Mawu ochepa akwana: "Pepani bambo, ndingakujambuleni mukuthira oiloyo?" Akalola, musawauze kuti ayang'ane kamera kapena amwetulire, asiyeni apitirize ntchito. Musagwire chilichonse, chifukwa paipi yooneka yozizira ikhoza kukusupulani khungu, ndipo yang'anani pansi poyenda, pakati pa njanji za mu shedi pamakhala maenje olowera pansi pa sitima. Akakuitanirani m'chipinda cha woyendetsa, dikirani wosonkhezera moto atsegule chitseko cha ng'anjo. Kuwala kwa moto kumagwera pankhope pake ndi pa fosholo; yezerani kuwala pankhopepo, motowo uyere mmene ungayerere, ndipo musayatse fulashi, imapha kufiira konseko. Jambulaninso mageji amkuwa, galasi loonetsa mlingo wa madzi, ndi kachitsulo kolembedwa dzina la kampani imene inapanga sitimayo ndi chaka chake.

Sitima zoima chiimire

M'nyumba zosungiramo zakale mulibe utsi, malo ndi othina, ndipo anthu ndi ambiri. Fikani akangotsegula. Lenzi yotambalala imakopa chifukwa imalowetsa sitima yonse, koma mukayandikira nayo kwambiri nkhope imatupa, kumbuyo n'kuchepa, mawilo n'kupindika. Bwererani m'mbuyo mmene malo angalolere, kamera ikhale yowongoka pa msinkhu wa pachifuwa. Penti yonyezimira imabweza magetsi a padenga, ndiye sunthani pang'onopang'ono mpaka kunyezimirako kutatsatira thupi la sitima m'malo molidula. Sitima ya Mallard yosungidwa ku York, imene pa 3 Julaye 1938 inathamanga makilomita 203 pa ola, liwiro limene palibe sitima yamalasha inaliposa, thupi lake lonse ndi lopindika mosalala, ndipo chithunzi chake chimadalira mizere ya kuwala imeneyi. Makampani akale ankadziwa vuto la penti yakuda ndi yonyezimira, n'chifukwa chake sitima yatsopano ankayamba aipaka penti yotuwa yosanyezimira kuti aijambule. Inu simungapake penti, koma kwa sitima yoima panja mukhoza kudikira tsiku la mitambo, limene limachita ntchito yofananayo. Ikani munthu pafupi ndi wilo kuti kukula kwake kudziwike. Sitima ikakhala ya dzimbiri, udzu utamera pakati pa mawilo, ijambuleni momwemo, osabisa.

Usiku ndi nkhani ina yaitali, koma chiyambi chake n'chosavuta: tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), ISO yotsika, shutter yotseguka masekondi 10 mpaka 30, sitima itaima pansi pa magetsi a siteshoni. Nthunzi imasalala n'kukhala ngati nsalu. Amene akufuna kuona kumene luso limeneli lingafike ayang'ane zithunzi za O. Winston Link, amene pakati pa 1955 ndi 1960 anajambula sitima za kampani ya Norfolk and Western ku America usiku pogwiritsa ntchito mababu ambirimbiri a fulashi olumikizidwa ndi mawaya, ndipo pafupifupi nthawi zonse ankaikamo anthu a m'mbali mwa njanjiyo akuchita zawo.

Mukabwerera

Walira mvula walira matope: kamera idzabwera ndi mwaye ndi timiyala ta malasha. Musapukute lenzi ndi malaya, timiyalato timakanda galasi. Yambani mwauzira ndi kapampu ka mpweya, kenako burashi yofewa, nsalu pomaliza. Musasinthe malenzi utsi uli m'mwamba.

Pa kompyuta, tsitsani zoyera mpaka mizere ya mu nthunzi ibwerere, kwezani zakuda pang'ono kuti mawilo aoneke, n'kulekera pomwepo. Mukapitiriza, sitima yakuda imasanduka yotuwa ndipo kulemera kwake kumatha. Tsiku limene kunalibe dzuwa, yesani kuchotsa mitundu chikhale chakuda ndi choyera. Ngati munalonjeza ogwira ntchito kuti mudzawatumizira zithunzi, tumizani sabata yomweyo, ndipo ngati munajambulira kunja kwa mpanda tsiku lonse, gulani tikiti kapena ponyani kangachepe m'bokosi lawo, popeza malasha amene munajambula utsi wake anachita kugula.

Pomaliza lembani pa chithunzi chilichonse nambala ya mutu wa sitima, malo, tsiku, ndi kumene inkalowera. Sitima zimenezi zimasintha manambala ndi penti. Flying Scotsman inatuluka ku Doncaster mu 1923 ili ndi nambala 1472, chaka chotsatira inakhala 4472, kenako 103, ndipo kuyambira 1948 inakhala 60103. Chisungidwire chake yavalapo 4472 nthawi zina ndi 60103 nthawi zina. Njira yachidule yosaiwalira ndi kujambula nambala ndi chikwangwani cha siteshoni musanayambe china chilichonse, kuti zikhale zoyamba pa mndandanda wa zithunzi za tsikulo.